Inki Yofiira ya a Thindwa

Ana anga, nkhani iyi sindinauzepo munthu. Amayi anu analowa m'manda akudziwa theka lake lokha, ndipo theka limenelo ndi lija londiyeretsa. Mwakhala mukundiseka kuti ndine nkhalamba yosafunsa, kuti ngakhale adokotala andipatse mapiritsi sindifunsa kuti ndi a chiyani. Mukamaliza masamba awa mudziwa chifukwa chake. M'tauni ya Mzuzu munali mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, a Gideon Thindwa, wochokera ku Nkhata Bay. Anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti, anatuluka maso atafooka moti sanathenso kuwerenga, ndipo anakamwalirira kwawo. Chiganizo chimene anawamangira chinali changa.

Mzuzu, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Za ubwana wanga ku Ntcheu sindichulutsa. Ndinalowa Sitandade 1 ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nditatopa ndi ng'ombe za amalume, ndipo mayeso a Sitandade 8 ndinalemba ndili ndi ndevu. Ku sekondale sanandisankhe. Msuweni wanga woyendetsa lole ndiye ananditenga n'kukanditula ku Mzuzu, pa kampani ina yogulitsa zomangira nyumba. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinafika mu Juni ndi shati imodzi, osadziwa kuti mvula ya kumeneko siigwa n'kupita, imangokhala nanu tsiku lonse ngati mlendo wopanda kwawo. Chitumbuka sindinkamva. Anthu akandipatsa moni kuti "Monire", ine ndinkangoseka ngati chitsiru.

Ntchito yanga inali kusenza matumba a simenti ndi malata. Kapitawo wa nyumba yosungira katundu anali a Nyirenda, munthu wamfupi wa magalasi okhuthala, amene ankavala chijasi chabuluu cha kuntchito ndipo ankamwa tiyi m'kapu yachitsulo yosupuka m'mbali. Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga mokweza zolembedwa pa chitini cha penti.

"Iwe Chinkhuntha, zilembo ukuzidziwa?"

"Ndikuzidziwa, bwana."

"Nanga ukusenzeranji simenti ngati bulu? Mutu uwo Mulungu anakupatsa kuti ukhale nkhata? Yayi, dada. Mawa ukhale pa windo, uzitulutsa katundu."

Pa windopo ndinaphunzira kukana anthu, chifukwa zaka zimenezo katundu ankasowa. Simenti inkatha miyezi iwiri, misomali ikafika malata palibe, malata akafika misomali yatha. Ngakhale mapepala olembapo ankasowa, moti tinkalemba kuseri kwa mapepala akale. A Nyirenda sankakondera. Munthu wofika poyamba ndiye ankalandira poyamba, kaya wavala baji ya chipani pachifuwa kaya sanavale. Ena amati chimenecho n'chimene chinawapweteka. Ine sindikudziwa, ndipo sindinafunse.

Chaka chachitatu ndinakwatira amayi anu, tinapeza kachipinda ku Chibavi. Ndi a Nyirenda omwewo amene anandiuza kuti popanda satifiketi ya JC ndidzakalambira pa windo. "Pita kwa a Thindwa," anatero. "Timaimba nawo kwaya. Chizungu chawo ngakhale Mzungu amachivulira chipewa."

Loweruka masana, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi

A Thindwa ankaphunzitsa akuluakulu Loweruka lililonse masana, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china ku Chibavi. Tinalipo asanu ndi anayi: alonda awiri, telala, amayi atatu, ndi enafe a m'masitolo. Anali munthu wamtali, wa imvi, wovala taye ngakhale pokalima. Chichewa chawo chinali cha kumpoto, chokwera ndi kutsika, ndipo pakati pa chiganizo ankatha kulumphira m'Chingerezi osachenjeza.

Anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo, ndipo muyenera kukamvetsa bwino chifukwa nkhani yonse ili pomwepa. Ife tinkalemba ndi pensulo. Iwo akamachonga sankangodula mzere pa cholakwa. Ankalemba chiganizo chonse chokonzedwa pansi pa chathu, ndi cholembera cha inki yofiira. Kenaka ife tinkafufuta chathu cholakwikacho, n'kutsala chofiira chokha. "Chiganizo cholakwika chili ngati nsikidzi," ankatero. "Ukachisiya m'kope chimaswana." Zinkatithandizanso chifukwa makope ankasowa, ndipo pamalo pofufutapo tinkalembapo zina. Choncho kope la aliyense wa ife linali lodzaza ndi zolemba za a Thindwa.

Tsiku lina analemba pa bolodi mawu asanu: curious, inquisitive, nosy, prying, wonder.

"Lero tiphunzira mawu a munthu wofuna kudziwa," anatero. "Azungu anawaika pa makwerero. Curious ndi munthu amene watsegula wailesi kuti aone amene akulankhula m'kati. Inquisitive ndi yemweyo akafunsa mwini wailesi kasanu. Nosy ndi mnansi wofuna kudziwa ndiwo za kwanu. Prying ndi mnansi yemweyo akalowa n'kuvundukula poto."

"Asambizgi," anatero mlonda wina, kutchula aphunzitsi m'Chitumbuka, "ndiye kuti alamu anga ali pamwamba penipeni pa makwerero. Amavundukula n'kulawa."

Tinaseka mpaka amayi aja kupukuta misozi. Tili m'kati moseka, telala uja anaponya funso lake. "Nanga anyamata otiimitsa pa msika kufuna khadi la chipani, ali pa sitepe iti?"

Kuseka kunazima ngati nyali yothira madzi. Aliyense anayang'ana kope lake. A Thindwa anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta bolodi pang'onopang'ono. "Amenewo, dada, sali pa silabasi."

Anasiya liwu limodzi osalifufuta, wonder. Anati ili ndi losiyana ndi anzake. "Ukati I wonder, sukufunsa munthu aliyense. Palibe amene ukumukakamiza kuyankha. Ukungoliponya funso m'mwamba, ngati mmene mlimi amayang'anira mitambo. Munthu wosadabwa saphunzira chinenero, amangochiloweza ngati chinkhwe." Anatipatsa ntchito yoti sabata iliyonse tizibweretsa ziganizo zisanu za zinthu zimene zatidabwitsa m'tauni, zoyamba ndi I wonder, I am curious, I would like to know, kapena It puzzles me.

Ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa ina iliyonse. Ndinali munthu amene moyo wonse ankangouzidwa zochita, ndipo apa panali mkulu wovala taye akundipempha kuti ndidabwe. Ndinkayenda m'misewu ya matope ofiira ndikusaka zodabwitsa. I wonder why it rains in June. I am curious about how cement is made. A Thindwa ataona khama langa anandibwereka dikishonale yawo, yakuda, yomatidwa ndi nsalu kumsana. Pa tsamba loyamba panali dzina lawo, ndi inki yofiira yomweyo.

Chaka chomwecho, mwezi wa Julayi

A Nyirenda anawatenga Lachiwiri masana. Kunabwera amuna awiri ovala majekete, pa galimoto yoyera. Analankhula mwaulemu. "Tikufuna tikambirane nawo pang'ono." A Nyirenda anavula chijasi chawo chabuluu, anachikoleka pa msomali, anandipatsa makiyi. "Malata a mayi ali pa windowo uwatulutse, adikira mokwanira." Tiyi wawo anali akadali kufuka m'kapu.

Sanabwerenso. Inu obadwa m'nthawi ya ufulu wolankhula simungamvetse zimene zinatsatira, chifukwa sipanatsatire chilichonse. Palibe anafunsa. Palibe anatchula dzina lawo. Chijasi chinakhala pa msomali, kapu inakhala pa shelefu mpaka tiyi anachita nkhungu, ndipo tonse tinkaizungulira ngati dzenje. Akazi awo anabwera pa geti kamodzi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha mvula, ndipo amuna khumi ndi awiri tonse tinapeza chochita kuseri kwa milu ya matabwa.

Pa malo pawo anaikapo a Chisale, amene analinso mlembi wa nthambi ya chipani. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa. "Kuno timagwira ntchito," anatero. "Zoganiza pali anthu ake."

Koma ine ndinali nditaphunzira kale kudabwa, ndipo funso limodzi linkandivuta pa mtima ngati chikanga. Sabata yachitatu, ndikulemba ziganizo zanga zisanu pa nthawi ya nkhomaliro, ndinayang'ana chijasi chija n'kulemba chachisanu: I am wondering where did they took Mr Nyirenda. Ndinadzinamiza kuti palibe vuto. Aphunzitsi anati I wonder safunsa munthu aliyense. Ndinali kungoyang'ana mitambo.

Loweruka a Thindwa ankachonga makope mmodzimmodzi pa tebulo lawo, mwini kope ataimirira pambali. Anadutsa ziganizo zanga zinayi akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Atafika pa chachisanu nyimbo inaleka. Anavula magalasi, anawapukuta ndi taye, anawavalanso. Ndinkayembekeza kuti atseka kope. Koma dzanja lawo linapita lokha pa cholembera, monga linkachitira zaka makumi atatu, ndipo analemba mosamala pansi pa changa: I wonder where they took Mr Nyirenda.

"Funso labwino liyenera kulembedwa bwino," ananong'oneza. "Nanenso ndili nalo, mwana wanga. Koma ichi usawerenge mokweza. Ukafika kunyumba ung'ambe tsamba ili, uponye pa moto. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Sindinang'ambe. Kuseri kwa tsambalo kunali mndandanda wa mawu aja, curious ndi anzake, ndi matanthauzo ake, ndipo mayeso anali pafupi. Ndinati ndiyamba ndakopera pena ndikapeza pepala. Chimene ndinachita ndi chimene tinkachita sabata iliyonse mosaganiza. Ndinatenga labala n'kufufuta cha pensulo. Pa tsambapo panatsala chofiira chokha.

Lachisanu, patapita masabata awiri

Kope ndinkalisunga kuntchito, pamwamba pa shelefu ya misomali, kuti ndiziwerenga nkhomaliro. Lachinayi ndinalifuna osalipeza. Lachisanu masana a Chisale anabwera pa windo akumwetulira. "Chinkhuntha, akukufuna ku polisi. Usathamange, si patali."

Amayi anu anali ndi pakati pa iwe Tiyamike, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Njira yonse ndinkangoona akazi a Nyirenda ataima pa geti pa mvula.

Anandilowetsa m'kachipinda ka tebulo limodzi ndi windo limodzi. Munali munthu wosavala yunifolomu, wazaka ngati zanga, waukhondo, wa Chichewa chosalala cha kwathu. Kope langa linali patsogolo pake, lotsegula pa tsamba lija.

"Khalani pansi, achimwene. Kwanu ndi ku Ntcheu? Ndiye ndife amodzi. Kuzizira kwa kuno mwakuzolowera?"

"Pang'ono, bwana."

"Ine ayi. Ndipo anthu akunowa amafunsa kwambiri, mwaona? Sukulu inawalowa m'mutu." Anatembenuza kope kuti liyang'ane kwa ine. "Ndiwerengereni apa. Chizungu changa n'chochepa."

Ndinawerenga.

"Tanthauzo lake?"

"Akuti, kaya a Nyirenda anapita nawo kuti."

"Akuti? Akutero ndani? Dzanja ili ndi lanu?"

"Ayi, bwana. Ndi la aphunzitsi."

Mpaka pamenepo ndinali ndisananame. Munthu uja anagwedeza mutu, ananyamula kope, anapita nalo pa windo, analipendeka kuti kuwala kugwe cham'mbali. Ndinadziwa chimene ankaona. Labala amachotsa pensulo, koma sachotsa tinjira timene pensulo yakumba m'pepala, ndipo ine, munthu wa manja a simenti, ndinkadinda kwambiri polemba.

"Pamwamba apa panalembedwa china, chafufutidwa. Ndikuonapo dzina lomweli. Ili ndiye dzanja lanu, eti?"

"Ndi langa."

"Ndiye ndithandizeni, achimwene, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Chinayamba n'chiti? Cha pensulo, kapena chofiira?" Anakhala pansi, anapinda manja. "Ngati chinayamba cha pensulo, funsoli ndi lanu, mkuluyo anangokonza Chizungu. Ngati chinayamba chofiira, ndiye kuti pali munthu amene akudzala mafunso m'mitu ya anthu. Ganizani bwino. Ndamva akazi anu ali oyembekezera."

Kunja mvula inkawaza pa malata. Ndinamva wina akusesa khonde. Sanandimenye, ana anga. Ndikufuna ichi chilembedwe poyera, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkalakalaka akanandimenya kuti ndikhale ndi ponamizira. Sanandikhudze n'komwe. Anangodikira.

"Chinayamba chofiira," ndinatero. "Aphunzitsi amalemba chitsanzo, ife timakopera pamwamba. Ndinakopera molakwitsa, ndiye ndinafufuta."

"Mmene ndimaganizira," anatero. Analemba mawu anga pa pepala, ndinasaina. Anandiperekeza mpaka pa khomo, dzanja lake lili pa phewa langa. "Ife tili ndi zochita mawa ndi mkuja. Mkuluyo tidzamuona Lolemba. Tikakapeza kuti wasamuka, tidziwa amene wamuuza. Mupereke moni kwa alamu."

A Thindwa anawatengadi Lolemba, ndipo kalasi ya Loweruka inathera pomwepo. Ine ndinalemba JC chaka chomwecho n'kukhoza, Chingerezi ndiye ndinakhoza bwino koposa. Patapita zaka zisanu ndinakhala kapitawo, ndipo ndinapuma pa ntchito ndili pa mpando wa a Nyirenda. Sukulu zonse zimene munaphunzira zinachokera pa mpando umenewo. A Thindwa atatuluka ndinamva kuti ali kwawo, mtunda wa basi imodzi yokha kuchokera ku Mzuzu. Sindinapite. Chichokere tsiku lija sindinayambenso chiganizo ndi I wonder, ngakhale m'mtima.

Koma chimene chimandilanda mtendere si cha ku polisi. Kumeneko ndinali ndi mantha, ndipo mantha Mulungu amawadziwa. Chimene chimandilanda mtendere ndi cha mmawa wake.

Loweruka mmawa

Amayi anu ndinawauza kuti apolisi apeza kope ndipo akufuna aphunzitsi. Za funso la pensulo ndi inki sindinawauze. Mmawa ataona ndikuvala nsapato anandigwira mkono. "Mukupita kukawachenjeza? Pitani, bambo. Akwere basi lero, kwawo kuli abale, akawabisa." Ndinavomera ndi mutu. Mpaka tsiku la imfa yawo ankakhulupirira kuti ndinakachenjeza, koma mkuluyo anakana kuthawa.

Ndinabisa dikishonale m'kati mwa jekete n'kuyenda wapansi mpaka ku Mzilawaingwe, kumene a Thindwa ankakhala. Chifunga chinali chisanachoke. M'njira monse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikangofika ndinena kuti aphunzitsi, ndakuperekani, thawani. Koma bukulo linkandigunda m'nthiti pa sitepe iliyonse, ndipo ndinkadziwa chimene ndalitengera. Linali ndi dzina lawo pa tsamba loyamba, ndipo sindinkafuna kuti Lolemba lipezeke m'nyumba mwanga.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukumba chinangwa, taye ili m'khosi, buluku atapinda mpaka m'mawondo.

"Monire, a Chinkhuntha! Mwawuka uli? Mmamawa chonchi?" Anatsamira khasu akuseka. "And what are you curious about this morning?"

"Nothing, sir."

"Nothing! Munthu wamoyo, wa maso awiri? Ndiye ndalephera ntchito."

Ndinatulutsa dikishonale. "Ndabweretsa buku lanu, aphunzitsi."

"Mayeso asanafike? Sunga, dada, ine mawu onsewo ndinawadya kale."

"Ndamaliza nalo. Kwathu kukudontha, lingaonongeke."

Anapukuta manja pa buluku, analandira. Anandiyang'ana nthawi yaitali kupyolera m'magalasi aja. Mseu wa basi unali pomwepo, kumunsi kwa munda, moti ndinkamva kondakitala akuitana anthu a ku Nkhata Bay. Mawu amene ndinakonza anafika pa lilime. Ndinawamva kulemera kwake.

"Tsamba lija," anatero motsitsa mawu. "Unang'amba?"

"Ndinang'amba, aphunzitsi."

"Unatentha?"

"Ndinatentha."

Anapuma mpweya wautali, mapewa awo anatsika. "Yewo chomene, mwana wanga. Masabata awiri onsewa mtima unali m'mwamba. Dzanja la mphunzitsi ndi chitsiru, limalemba mutu usanavomere." Anawerama, anasankha mitsitsi itatu yaikulu pa mulu, anasasa dothi, anaimanga ndi luzi. "Ukawapatse a kunyumba kwako. Munthu woyembekezera amafuna cha m'munda. Tionana masana, ubwere ndi ziganizo zisanu."

Ndinalandira chinangwacho ndi manja awiri. Ndinathokoza. Ndinapita nacho ku Chibavi, amayi anu anaphika, tinadya.